Amalume anatupa matumbo, gogo wa chimwenye anati adye chipere

Pali matenda ena amene ukawatchula mumsika anthu amayamba aseka kaye. Ukanena kuti watha masiku anayi osapita kuchimbudzi, anzako amati wadya wekha za anthu, kapena wameza mpamba wa geni. Nafenso tinkawaseka choncho amalume anga a ku Chileka, mpaka usiku wina pamene tinawakweza galimoto yahayala ali chipindire ngati kamwana, thupi lili moto, dzanja lili chigwirire m'munsi mwa mchombo cha kumanzere.

Amalumewa ndi munthu wa geni ngati inu nomwe. Ali ndi kabutchala ndi chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege. Zaka zawo ndi 58, ndipo mimba yawo ndi ija timati ya mabwana. Kadyedwe kawo ndinkakadziwa bwino chifukwa ndagonako kwawo miyezi yambiri nditangolemba mayeso a folomu 4. M'mawa tiyi wa shuga masupuni anayi ndi buledi woyera. Masana tchipisi ndi nyama ya pachiwaya. Madzulo nsima yoyera mbee, ndiwo yake nyama yotsala ku butchala. Masamba ankati n'za mbuzi. Kuonjezera apo, popeza msana unkawavuta chifukwa choimirira tsiku lonse, ankameza bulufeni wa pagolosale pafupifupi tsiku ndi tsiku ngati maswiti.

Ku chipatala chaching'ono atawaona sanachedwe nawo, anatitumiza ku chipatala chachikulu mu tauni. Kumeneko anawayeza magazi, n'kuwajambula m'mimba, ndipo tsiku lotsatira adokotala anatchula dzina limene tonse tinayang'anizana: diverticulitis.

"Adokotala, amenewo ndi matenda kapena dzina la mankhwala?" anafunsa amalume.

Adokotala aja anatenga pepala n'kujambula. Ine ndikufotokozereni monga ndinamvera, ndipo a kabaza amva msanga. Tayala ya njinga ikatha mbali imodzi, chubu imatulukira pamalo pofooka paja ngati kachithuza. Thumbo lalikulu, limene limanyamula chimbudzi, limachitanso chimodzimodzi munthu akamakula. Pamalo pamene khoma lake lili lofooka pamatuluka timatumba ting'onoting'ono, makamaka chakumapeto kwake, m'munsi cha kumanzere. Anthu ambiri okhala ndi timatumba timeneti amafa ndi ukalamba osadziwa n'komwe kuti anali nato. Vuto limabwera kathumba kamodzi kakatupa n'kulowa tizirombo. Pamenepo ndiye kupweteka kosalekeza, kutentha thupi, mseru, kudzimbidwa kapena kutsekula. Kakaphulika, zoipa zimatayikira m'mimba monse ndipo popanda opaleshoni yamsanga munthu amapita.

Musaganize kuti ndi matenda a ogulitsa kanyenya okha. Malemu Papa Francis anachitidwa opaleshoni ku chipatala cha Gemelli mu mzinda wa Rome mu July 2021 chifukwa cha timatumba tomweti, ndipo anawadula thumbo lotalika masentimita 33. Amalume atamva zimenezi anayamba kudzimva, eti akudwala matenda a apapa.

Mwamwayi kathumba kawo kanali kasanaphulike. Anawaika diripi, kuwapatsa mankhwala opha tizirombo, n'kuwaletsa chakudya cholimba. Bulufeni uja adokotala anati asadzamuyandikirenso, chifukwa mankhwala a mtundu umenewo, pamodzi ndi diclofenac ndi asipirini, amawonjezera ngozi yoti thumbo lotere litaye magazi kapena libooke. Amayi ndi abambo amene mumagulitsa mapilitsi ochotsa ululu pabenchi, mfundo iyi muisunge.

Uthenga wochokera ku Limbe

Nkhani ya chakudya ndi imene inautsa mkangano pabanja. Msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, amagwira ntchito mu sitolo ya nsalu ya amwenye ku Limbe. Atapempha tchuthi kuti akadwazike bambo ake, mayi ake a bwana wake, gogo wokalamba amene amakhala pampando kuseri kwa kauntala, anamufunsa bwinobwino za matendawo. Kenaka anamulembera kapepala, n'kumupatsa timapaketi tiwiri ta zokometsera ndiwo.

Papepalapo panalembedwa kuti wodwala akayamba kudya, amuphikire khichdi. Aphike mpunga woyera pamodzi ndi moong dal mpaka zipse phalaphala, athiremo kamchere, kachikasu pang'ono, njere zonunkhira zotchedwa jeera, ndi kasupuni ka ghee, amene ndi mafuta oyenga kuchokera ku mkaka wa ng'ombe. Adye chotentha, pang'onopang'ono. Masana amwe mkaka wosasa wosungunula ndi madzi. Asadye tsabola, zokazinga m'mafuta, masamba aawisi, ndipo asamwe madzi a mufiriji kapena mowa. Chakudya chachikulu chikhale cha masana, madzulo angolawa, ndipo asadye china chisanatsike choyamba.

Gogoyo sanazipeke yekha izi. Ndi malangizo a Ayurveda, nzeru zachipatala zamakolo a ku India. Limodzi mwa mabuku ake akuluakulu, Charaka Samhita, lakhalapo zaka pafupifupi 2,000. Iwo amakhulupirira kuti m'mimba mwa munthu muli moto wophika chakudya umene amautcha agni, ndipo kuti thupi limayenda ndi mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha. Moto uja ukafooka, chakudya sichipsa bwino ndipo zotsalira zake zimasanduka matenda. Tsono wodwala m'mimba amamutenga ngati moto wongotsala makala: suponyapo chipika chachiwisi, umayamba ndi tiudzu. Ku India zimenezi si za m'makwalala ayi, boma lawo linakhazikitsa unduna wakewake wotchedwa AYUSH mu 2014 woyang'anira mankhwala amakolowa, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linagwirizana ndi dzikolo zomanga likulu loona za mankhwala amakolo ku Jamnagar, m'chigawo cha Gujarat, kumene kunachokera makolo a amwenye ambiri a ku Limbe.

Koma tinene zoona zake. M'mabuku akalewo mulibe dzina la diverticulitis. Amene analemba analibe makina ojambulira m'mimba. Amakamba za matenda a m'mimba monga grahani, ndipo asing'anga a Ayurveda a lero ndi amene amatenga malangizo amenewo n'kuwagwiritsa pa matenda a timatumbawa.

Msuweni anapita nako kapepala kaja kwa adokotala, ndipo apa ndimuyamikire, chifukwa ambiri a ife tikanangophika mobisa n'kulowa nazo mu wodi m'kontena. Adokotala anawerenga n'kunena kuti masiku awiri kapena atatu oyamba wodwala amwe zamadzimadzi zokha: madzi, msuzi wosefa, tiyi wopanda mkaka. Ululu ukayamba kutsika, phala la gogoyo lilibe vuto, chifukwa ndi lofewa ndipo lilibe makoko, ndiye limagwirizana ndi zimene iwonso amalangiza. Koma anatsindika kuti phalalo ndi chakudya chabe, mankhwala amalize onse.

Funso linatsala limodzi: moong dal timupeza kuti? Ndinatsegula kapaketi kachitsanzo kamene gogo uja anaikamo. Tinyemba tachikasu, tating'ono, tobanthula pakati. Ndinadziwa kuti pali munthu mmodzi amene angazindikire.

Ku Lirangwe

Kuchokera ku Chileka ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kusintha ina ya msewu wa Zalewa, kudutsa Lunzu, kukatsika pa Lirangwe. Kumeneko kuli amayi aakulu, mlongo wawo wa amalume, amene akhala akugulitsa nyemba, khobwe, nandolo ndi mtedza pamsika kuyambira ine ndisanabadwe.

Anathira tinyemba tija m'dzanja, kununkhiza, n'kuluma kamodzi. Kenaka anaseka mpaka anzawo a mabenchi oyandikana anabwera kudzaona.

"Mwana iwe, wawononga thiransipoti kudzandionetsa mphodza? Iyi ndi mphodza yochotsa makoko. Ndiye kuti mmwenyeyo akuti achimwene adye chipere!"

Zoonadi, abale. Moong ndi mphodza yathu yomweyi, yobiriwira ija imene ambiri mumaidutsa pamsika. Mukaipera pamphero n'kupeta makoko, mwapeza moong dal. Chikasu timachidziwa. Mkaka wosasa ndi chambiko. Pa kapepala konse kaja, chachilendo chenicheni chinali jeera ndi ghee basi. Ndipotu ubale wa mphika wathu ndi wa amwenye ndi waukulu kuposa mmene timaganizira. Nandolo amene mavenda amagula m'midzi ya kuno kummwera, wambiri amakathera ku India kumene amamubanthula n'kumutcha toor dal. Mu 2021 boma la India linasaina mgwirizano ndi Malawi wogula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Ife timagulitsa nandolo kuti tigule buledi ndi sosejisi, eni ndalama akudya nandoloyo.

Koma amayi aakulu anali ndi maganizo awoawo. Iwo anati zonsezi n'zochedwetsa. Munthu wodzimbidwa umamupatsa nsima ya mgaiwa, nyemba za makoko ndi nkhwani wotendera, mawa lake m'mimba mwayera. Anafuna kundimangira ufa wa mgaiwa kuti ndikawaphikire amalume tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Amayi aakulu sananame, koma analakwitsa nthawi. Thumbo likatupa lili ngati chilonda. Kulidutsitsa gaga, makoko a nyemba ndi masamba olimba nthawi imeneyo n'kuwonjezera ululu. Mgaiwa ndi wa munthu amene wachira, woteteza kuti matenda asabwerere. Gogo wa ku Limbe anali ndi chakudya cha sabata yodwala, amayi aakulu anali ndi chakudya cha moyo wonse wotsala. Aliyense akanaumirira chake pa nthawi ya mnzake, amalume akanavutika.

Ndinanyamula zonse ziwiri, mphodza yopera ndi mgaiwa, koma mgaiwawo ndinakaubisa kwathu.

Mzungu amene ankayeza chimbudzi

Pobwerera mu minibasi ndinkaganiza za funso limene amayi aakulu anandiponyera: bwanji matenda amenewa sitinkawamva kale kumudzi?

Funso lomweli linavutitsa dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Mulago ku Uganda. Ndi yemwe uja dzina lake linaperekedwa ku khansa yotupitsa nsagwada za ana, ndipo mu 1961 pofufuza khansayo anayenda pa galimoto m'zipatala za maiko ambiri a kuno, kuphatikizapo Nyasaland. Burkitt anaona kuti matenda a timatumba m'matumbo, amene anali odzaza m'zipatala za ku Britain, kwa anthu akumudzi a mu Africa anali osowa kwambiri. Mu 1971 iye ndi mnzake Neil Painter analemba mu magazini ya madokotala ya British Medical Journal kuti awa ndi matenda a anthu amene achotsa gaga m'chakudya chawo.

Anachita kuyeza chimbudzi pasikelo, osaseka. Anapeza kuti munthu wakumudzi ku Uganda ankatulutsa magalamu opitirira 400 patsiku, ndipo chakudya chinkadutsa m'thupi mwake pa tsiku limodzi ndi theka. Mngelezi wodya buledi woyera ndi shuga ankatulutsa magalamu ongopitirira 100, ndipo chakudya chinkatha masiku atatu chili m'mimba. Maganizo a Burkitt anali oti chimbudzi chochepa ndi cholimba chimakakamiza thumbo kufinya mwamphamvu, ndipo kufinyako n'kumene kumatulutsa timatumba tija.

Madokotala a masiku ano amati nkhaniyi ili ndi mbali zambiri kuposa mmene Burkitt anaionera. Ukalamba, kunenepa, fodya, nyama yofiira yambiri, kusayendayenda ndi mtundu wa kubanja, zonsezi zimathandizira. Koma pa gaga sanamutsutse kotheratu. Kafukufuku wa ku Oxford wofalitsidwa mu 2011, amene anatsata anthu pafupifupi 47,000, anapeza kuti amene ankadya faiba wambiri, magalamu 25 kapena kuposa patsiku, ankagonekedwa kapena kufa ndi matendawa mochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ankadya wosakwana magalamu 14. Faiba ameneyu ndiye gaga wa chimanga, makoko a nyemba, masamba, zipatso, mbatata yodya ndi khungu lake.

Tsono taganizani zimene timachita pachigayo. Timakonola chimanga, kuchiviika masiku angapo, kuchitsuka, kuchiyanika, kuti ufa uyere ngati laimu. Madeya timagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku. Mgaiwa timauona ngati ufa wa chaka cha njala, wa kusukulu yogonera konko, wa kundende. Mlendo ukamuphikira mgaiwa amakakunena kuti zinthu zakuvuta. Nkhumba za ku Chileka zikudya bwino kuposa eni ake, ndipo sindinamvepo nkhumba itadzimbidwa.

Wa mabotolo

Amalume atatuluka m'chipatala, mbiri inali itawanda kale kuti akuchira ndi nzeru za amwenye. Pasanathe masiku atatu kunafika mnyamata wovala tayi, chikwama m'manja, amene ndimamuona akuzungulira m'misika. Anatulutsa mabotolo a mapilitsi ndi ufa, olembedwa zilembo zimene palibe anatha kuwerenga. Anati ndi mankhwala a Ayurveda ochokera ku India, otsuka matumbo, ndipo munthu akamwa safunikanso za kuchipatala. Mtengo wa botolo limodzi unali wofanana ndi mwendo wathunthu wa mbuzi.

Amalume anatsala pang'ono kugula. Msuweni ndi amene anakaniza, nati gogo uja sanatchulepo botolo ngakhale limodzi.

Pali zifukwa ziwiri zoopera mabotolo otere. Choyamba, ambiri mwa mankhwala otsuka m'mimba ndi otsekula. Wotchuka kwambiri mu Ayurveda ndi triphala, ufa wa zipatso zitatu zouma. Kwa munthu amene thumbo lake langotupa kumene, mankhwala otsekula osauzidwa ndi dokotala ndi kuseweretsa moyo. Chachiwiri ndi chimene chili m'kati mwake. Mu 2004 dokotala wina wa ku Boston ku America, Robert Saper, ndi anzake anagula mankhwala a Ayurveda a mitundu 70 m'masitolo a mumzindawo n'kukawayeza. Mitundu 14 inapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic, zimene ndi poizoni. Ngati zinapezeka ku America kumene amayendera masitolo, nanga botolo la m'chikwama pa Lirangwe walipima ndani? Kuno kwathu bungwe loona za mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wogulitsa akabwera, mufunseni ngati mankhwala ake anadutsa kumeneko, muone mmene asinthire nkhope.

Mnyamata uja asanachoke anaponyanso mawu ena, kuti munthu wa matenda amenewa asadzadyenso mtedza, chimanga chootcha kapena mbuliwuli, chifukwa tizidutswa timakatsekera m'timatumba tija. Izi ngakhale madokotala ankanena kale. Koma mu 2008 kunatuluka kafukufuku wa ku America amene anatsata amuna oposa 47,000 kwa zaka 18, ndipo anapeza kuti mtedza, chimanga ndi mbuliwuli siziwonjezera matendawa. Amayi a mtedza wokazinga ndi anyamata a chimanga chootcha, kasitomala wanu akachira musamutaye.

Ndisanaiwale, pali chinthu chimene adokotala anatiuza potuluka chimene ndikufuna chifike kwa aliyense wokhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kupweteka kwa m'mimba kobwera ndi kutentha thupi sikuti nthawi zonse ndi matenda a amalumewa, ndipo kuno kwathu kawirikawiri kumakhala zina. Kungakhale taifodi, imene imaboolanso matumbo. Kungakhale apendikisi, kapena kupotana kwa thumbo, kumene madokotala a opaleshoni m'Malawi muno amakumana nako kwambiri mwa abambo. Kwa amayi kungakhale mimba yokhala panja pa chiberekero. Zonsezi sizisiyanitsidwa ndi maso, ndipo palibe chipere chimene chingazichize. Ululu ukakhala malo amodzi osasuntha, thupi likatentha, mimba ikauma gwa kapena kufufuma, mukamasanza chilichonse, mukaona magazi m'chimbudzi, kapena mphweya ukasiya kutuluka, tsekani geni mupite. Ndikudziwa kuti tsiku limodzi osagulitsa ndi ndiwo za ana, koma amalume anazengereza masiku anayi ndipo butchala inakhala yotseka masabata atatu.

Mgaiwa ubwerera pakhomo

Sabata yoyamba kunyumba amalume anadya khichdi wa gogo uja, phala la ufa woyera, mazira owiritsa, nsomba yofutsa ndi nthochi zakupsa. Ankadandaula kuti akudya ngati khanda. Jeera anamukonda, chambiko chosungunula anati n'chabwino kuposa mmene ankaganizira, koma ghee atatha sitinagulenso, tinkangodonthezamo mafuta ophikira.

Atapita kukaonedwanso n'kuuzidwa kuti kutupa kwatha, ndipo ndinatulutsa thumba lija la ku Lirangwe. Sitinawasinthire kamodzin'kamodzi, chifukwa gaga wambiri mwadzidzidzi amadzaza mphweya m'mimba. Akazi awo anayamba ndi kusakaniza, mbale zitatu za ufa woyera, imodzi ya mgaiwa, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Kenaka kunabwera nkhwani, bonongwe, therere, papaya, mphodza ya makoko ake, nyemba. Madzi akumwa ambiri, chifukwa gaga wopanda madzi amamanganso m'mimba. Adokotala anawalemberanso tsiku loti akawaunike thumbo lonse ndi kachipangizo kolowetsa kumbuyo, pofuna kutsimikiza kuti kuseri kwa kutupa kuja sikunabisale khansa. Amalume anakana masiku awiri, tsiku lachitatu anapita.

Lamulungu lapitali amayi aakulu anabwera ku Chileka kudzaona mlongo wawo, atasenza kathumba ka mphodza ina yopera kale, yoti msuweni akapatse gogo wa ku Limbe. Anapeza amalume atakhala kuseri kwa butchala, mbale ya mgaiwa ndi chisoso pamiyendo, atatembenukira kukhoma kuti makasitomala a tchipisi asawaone.

"Achimwene, mukubisala chiyani?"

"Achemwali, inu simudziwa geni ya nyama. Anthu akaona mwini butchala akudya chisoso, aganiza kuti nyamayi ili ndi vuto."